Mwini Mbumba wa ku Zengeza 4

Nsapato za achimwene Gordon ndinkazipukuta Loweruka masana, pakhonde, nditayala nyuzipepala kuti polishi asadetse simenti. Sindinkafulumira. Nsapato zikatha ndinkayenera kulowa m'nyumba, ndipo m'nyumba munkakhala anthu ofuna kuyankhidwa. Choncho ndinkayamba ndi kusolola zingwe, kenako kupukuta fumbi ndi kansanza, kenako kutokosa timiyala ta kunsi ndi kamtengo ka machesi, kamodzikamodzi. Loweruka lina nditapisa dzanja m'nsapato yakumanzere, zala zanga zinakhudza chinthu chofewa kunsonga. Ndinachitulutsa. Chinali chibenthu cha buledi, chokanyidwa mpaka kukhala ngati kampira, chitayamba kale kuchita nkhungu.

Fabiano anali atanyonyomala pansi pa mtengo wa mapichesi, akundiyang'ana. Anali ndi zaka zinayi, ndipo akaona munthu ankamuyang'ana m'manja, osati kumaso. Ndinaika buledi uja m'thumba la diresi. Anadikira pang'ono kuti aone chotsatira. Poona kuti palibe, anabwerera kukakanda dothi ndi msomali.

Anali mwana wa achemwali anga Esnath, amene anamwalira mu 1985. Maliro atatha, mwana anatsala ndi bambo ake, a Tapfuma, Mshona wa ku Unit L ku Seke, ndipo posakhalitsa m'nyumbamo munalowa mkazi wina. Kwa zaka ziwiri, tikafunsa tinkauzidwa kuti mwana ali bwino, kungoti wagona, kapena wapita kumudzi. Kenako mayi wina wa nyumba yoyandikana nawo anatopa ndi zimene ankamva kudzera pakhoma, n'kukanena kwa a welofeya. Anamupeza ali yekha m'nyumba yokhoma, atamangiriridwa ku mwendo wa bedi, msana wonse uli zipsera za lamba.

Tsiku lokamutenga achimwene anavala suti yawo ya bulawuni.

"Kwathu ku Malawi mwana ndi wa kuchikazi," anauza anthu a mu ofesi ija. "Bambo ndi tambala chabe, anapiye amatsata thadzi. Ine ndine malume ake, mwini mbumba. Mwana wa mlongo wanga sangazunzike ine ndili moyo."

Mawuwo anali abwino, ndipo anawabwereza m'basi, pasitolo ndi pageti la tchalitchi. Achimwene anabadwira ku Zimbabwe konkuno, m'dera la St Mary's, ngati ine. Dziko la Malawi anangoliona pa masitampa a makalata amene malemu bambo athu ankalandira. Koma Chichewa chawo chinkakula pakakhala omvera, ndipo tsiku limenelo anafika kunyumba atanyamula mwana pamapewa, kudzera msewu wa kumashopu, umene si wachidule.

Sabata isanathe, Fabiano anali ataluma amayi pamkono n'kuthyola mlongoti wa wailesi. Ankakodza pogona. Chitseko chikatsekedwa ankakuwa mpaka mawu kusasa. Liwu lake linali limodzi, la Chishona: handidi, sindikufuna. Ankalinena ngakhale pa chinthu chimene dzanja lake lagwira kale. Amayi ankalawirira kumsika wa ku St Mary's kukagulitsa matimati ndi matemba, achimwene ankakwera basi ya kufakitale ku Harare. Ine ndinali nditamaliza Fomu 4, ndikudikira ntchito imene sindinkadziwa kuti ndikuidikira. Mbumba ya achimwene inkatsala ndi ine.

A welofeya anati Lachitatu lililonse womulera azipita naye kukiliniki, kwa mayi wina dzina lake Mai Gwatidzo, amene ankaphunzitsa kaleredwe ka ana ozunzidwa. Ulendo woyamba achimwene anapempha tchuthi kuntchito.

"Nkhani za mbumba si za atsikana," anatero. "Koma Lena, tiye uzikamunyamula."

Chipinda chake chinali chaching'ono, chokhala ndi mphasa, tebulo, ndi katoni yodzaza zitini, tizidutswa ta matabwa ndi galimoto ya waya. Mai Gwatidzo anali mayi wamfupi wa magalasi. Anakulira papulazi pakati pa anthu a kwathu, ndiye Chichewa ankachimva, ndipo pochilankhula ankachithira Chishona ngati mchere. Patebulo anaika kapu ndi supuni.

"Mukhale pansi ndi mwana, baba. Iye ndiye atsogolere masewera. Osamulamula, osamufunsa funso, osamudzudzula. Muzingonena zimene mukuona akuchita, ndipo akachita chabwino mumuyamike, mutchule chimene wachitacho. Mukaphonya ndigogoda kapuyi."

"Pansi pati?"

"Pamphasa."

"Ndavala suti."

"Suti imapindika, baba."

Achimwene anakoka thalauza m'maondo, nakhala pansi mosamala ngati munthu wolowa m'madzi ozizira.

"Fabiano, bwera kuno."

Supuni inati ngwe.

"Chabwino. Fabiano, ichi n'chiyani?"

Ngwe.

"Ayi, galimoto sitiyendetsa chagada, matayala amakhala pansi."

Ngwe.

Mwana anang'ung'udza kenakake, ndipo munamveka liwu lakuti sekuru, momwe Ashona amaitanira malume. Kanali koyamba kuti aitane munthu wa m'nyumba mwathu ndi dzina lililonse.

"Osati sekuru. Malume. Tati ma-lu-me."

Supuni inalira kawiri. Namwino wina anasuzumira pakhomo kufunsa ngati tiyi wapsa. Pamenepo n'kuti Fabiano atalowa kunsi kwa tebulo, ndipo kathabwa kena kanatulukira komweko n'kudutsa pafupi ndi khutu la achimwene.

"Tiyese mainini," anatero Mai Gwatidzo, akuloza ine. Ndi momwe Ashona amatchulira mayi wamng'ono.

Ndinakhala pamphasa. Kusalamula sikunandivute, popeza chibadwire ndinali ndisanalamulepo munthu. Kusafunsa mafunso ndi kumene kunandipititsa pasukulu popanda aphunzitsi kudziwa dzina langa. Fabiano anatuluka pang'onopang'ono, nakoka zitini. Supuni inakhala chete nthawi yaitali, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndapeza phunziro limene ndingakhoze.

"Iwe supuni sikukupeza," anatero Mai Gwatidzo, "koma mwanayu akusewera ndi khoma. Lankhula, mwanangu."

Achimwene ankandiyang'ana, mayi uja ankandiyang'ana.

"Waika chitini pamwamba pa chinzake," ndinatero, mawu akutuluka ngati obwereka.

Fabiano anaima. Anayang'ana manja anga. Anatenga chitini china n'kusanjikiza.

"Waikanso china. Chofiira."

Mwadzidzidzi anazimenya zonse ndi nkhonya, zitini n'kumwazika chipinda chonse. Kenako anakweza phewa kubisa khutu, natsinzina, kudikira.

"Zagwa," ndinatero.

Anatsegula diso limodzi. Patapita kanthawi anakwawa kukatola chitini chofiira chija, nayambanso.

Pobwerera achimwene anandiuza kuti ndisadzitame. "Ndamufewetsa ndine. Iwe wangokolola." Lachitatu lotsatira kufakitale kunali ntchito yambiri, ndipo linzakelo kunalinso yambiri. Anati mtsogoleri wabwino amagawa ntchito.

Choncho tinkapita awiri, ine ndi Fabiano, ndipo kunyumba tinkayala mphasa kuseri m'mawa uliwonse anthu akachoka. Ndinkanena zimene ndikuona. Wadzaza mchenga m'chitini. Wakhuthula. Wandipatsa supuni, zikomo pondigawira. Patapita masabata Mai Gwatidzo anandiphunzitsa gawo lachiwiri, limene linali lovuta: kulamula chinthu chimodzi, mwachidule, mosakweza mawu, n'kudikira. Akakuwa, kuyang'ana kumbali mpaka atasiya. Akamenya, kumukhazika pakampando kanthawi kochepa, chitseko chili chotsegula, ine ndili poonekera. Tsiku loyamba anandilavulira kumaso. Tsiku lina anandiluma pabondo, ndipo ndinakalirira kubafa kuti asaone. Mai Gwatidzo anayang'ana bala lija nati, "Akufuna adziwe ngati nawenso uli ndi lamba. Ayesa mpaka atatopa."

Amayi sankakhulupirira zimenezi. "Ife tinakulerani ndi kanthambi ka pichesi, ndipo munakula," ankatero akusankha matimati oola. "Dziko lapeza ufulu, ana nawonso apeza ufulu. Tsopano munthu wa Fomu 4 akuthokoza mwana chifukwa chomupatsa mchenga." Koma tsiku lina ndinawamva kukhitchini akunena motsitsa mawu, "Wadya zonse, wasiya mbale yoyera," ndipo atandiona anayamba kukalipira mphaka.

Pofika nyengo yozizira, Fabiano anali atasiya kuluma. Kukodza pogona kunachepa. Ankandikoka diresi n'kunena kuti, "Mainini, tarisa," kuti ndione chimene wapanga. Ankaseka, kuseka kwachilendo kosweka pakati, ngati kwa munthu amene akuphunzira.

Achimwene nawo anapita patsogolo. Anaitanidwa kukalankhula pamsonkhano wa abambo kutchalitchi, pamutu wa kulera ana masiku ano. "Chinsinsi n'kudzichepetsa, abale," anatero, ine ndikumva pawindo pomwe ndinkatsuka makapu. "Ine amene mukundionayu ndinakhala pamphasa ndi suti." Anafotokoza za kapu ndi supuni, koma m'kufotokoza kwawo sizinkamveka bwino kuti supuniyo inkalirira ndani. Anthu anayamba kubwera kunyumba kudzafunsa nzeru. Ndipo kunamveka kuti akuluakulu a sosaite ya maliro ya anthu a kwathu akufuna kuwapatsa mpando wa wachiwiri kwa tcheyamani.

Akuluakuluwo anabwera Lamlungu lina masana, motsogoleredwa ndi tcheyamani mwini, bambo Hezekiah, munthu wamkulu thupi amene ankapuma mokweza ngakhale atakhala. Amayi anaphika mpunga ndi nkhuku. Achimwene anagulira Fabiano kasuti ka safari, namuphunzitsa moni wa Chichewa. Pabalaza panadzaza amuna, mawu awo ndi nsapato zawo. Fabiano anandigwira chala mwamphamvu mpaka chinachita dzanzi, koma ataitanidwa anapita, nagwada.

"Muli bwanji, agogo?"

Anaomba m'manja onse. "Gordon, iwe ndi dokotala," anatero bambo Hezekiah. "Uyu ndi uja ankaluma anthu?"

"Ndi ntchito, bambo. Kupirira basi."

"Musiyeni akhale nafe pano, aone momwe amuna amadyera."

Anamukhazika pansi pafupi ndi miyendo ya tcheyamani, namupatsa tizitsekero ta mabotolo kuti aziseweretsa. Ine ndinkalowa ndi kutuluka ndi mbale. Bambo Hezekiah anadya bwino. Atatha anatsamira mpando, nafuna mpweya, koma mimba inalibe kolowera. Anamasula lamba. Poona kuti chitsulo chake chikuwabayabe, analisolola lonse m'thalauza, likulira podutsa m'timalupu.

Ndinali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ndinaona Fabiano atauma, kenako kasuti kaja kakunyowa pakati pa miyendo, madzi akuyenderera pasimenti. Bambo Hezekiah sanaone zimenezo. Anawerama mwachikondi, lamba lili m'dzanja, kuti amusisite kumutu.

"Bwera kuno, mdzukulu wanga."

Fabiano anawaluma pachala chachikulu, ndipo sanasiye mpaka amuna awiri atamukoka. Magazi anadonthera mumpunga wotsala. Mwana anathawira kuchipinda, kunsi kwa bedi, ndipo ine ndinamutsatira n'kugona pansi chapafupi, nkhope itayang'ana mawaya a bedi. Mawu a pabalaza ankafika bwinobwino.

"Ndiye maphunziro aja ndi amenewa?" anafunsa mmodzi wa alendowo.

"Izi si za kukiliniki, abale," anayankha achimwene. "Ayi. Mwanayu ali ndi mizimu ya kwa bambo ake. Ikufuna kwawo."

Nkhani ya mpando sinatchulidwe. Alendo anatsanzika msanga.

Lachitatu ndinafotokozera Mai Gwatidzo zonse, ndipo iwo anati zoterezi zimachitika, mwana wabwerera m'mbuyo pang'ono koma njira akuidziwa. Lachinayi madzulo, tikudya, achimwene anatsokomola pang'ono.

"Ndaganiza mozama. Tisaiwale kuti kuno ndi ku Zimbabwe. Kuno mwana ndi wa bambo. Tapfuma anapereka malowolo, magazi ndi ake, mtupo, kapena kuti mfunda, ndi wake. Ife ndife alendo m'dziko muno, sitingalimbane ndi mwambo wa eni nthaka."

Amayi anasiya kutafuna. "Nanga tambala uja?"

"Amayi, mwambi sulera mwana. Ndakumana naye Tapfuma. Walapa. Akuti zonse zija ankachita ndi mkazi uja, ndipo anamuthamangitsa."

"Mkaziyo ndinamuona dzana kumsika. Amagula anyezi, Tapfuma atamunyamulira dengu."

"Mwina amatsanzikana."

"Ndi anyezi?"

"Abwera Loweruka kudzamutenga. A welofeya tidzawauza zikatha, izi ndi za pabanja. Lena, ulongedze zovala zake."

Amayi anayang'ana m'mbale mwawo. Nyumba inali m'dzina la achimwene kuyambira pamene bambo anamwalira, ndipo amayi ankadziwa polekezera. Ine ndinasonkhanitsa mbale n'kupita nazo kumpopi. Lachisanu ndinathamangira kukiliniki, koma anandiuza kuti Mai Gwatidzo ali kumsonkhano ku Harare, abwera Lolemba. Ndinaima pakhonde la kiliniki nthawi yaitali, ngati kuti Lolemba lingandipeze pomwepo.

A Tapfuma anafika Loweruka m'mawa, atavala malaya oyera, atanyamula kapepala ka maswiti. Fabiano anawaona ali pageti. Sanakuwe. Anabwera kuseri kwanga, nalowetsa nkhope m'diresi langa, ndipo ndinkamva mpweya wake wotentha kumbuyo kwa bondo.

Pabalaza amuna awiriwo anapatsana moni wa Chishona, akuomba m'manja mwaulemu. Chishona cha achimwene tsiku limenelo chinali chosalala, chodzaza miyambi, chonga cha munthu wobadwira pakati pa ng'ombe za makolo ake. Amayi anakhala pampando wa pakona, manja ali pamiyendo.

"Lena," anaitana achimwene. "Bwera naye mwana, ndi katundu wake."

Ndinapita mpaka pakhomo la pabalaza. Ndinagwada, monga ndinaphunzitsidwira, Fabiano atandikakamira kumsana. A Tapfuma anagwedeza kapepala ka maswiti, akumwetulira.

"Katundu ali kuti?"

"Sindinalongedze, achimwene."

Anandiyang'ana ngati kabati yalankhula. "Ndiye pita ukalongedze. Alamu akowa akudikira."

"Sapita."

"Wati chiyani?"

"Mwanayu sapita."

"Lena, pano pali akuluakulu."

"Ndawaona." Ndinadziwa kuti ndikaima sindiyambanso. "Achimwene, mwambo mumauvala ngati jekete. Kukazizira mwavala, kukatentha mwakoleka pamsomali. Pamene anthu ankaomba m'manja, mwanayu anali wa kuchikazi. Waluma tcheyamani, wasanduka wa kuchimuna. Iye sanasinthe. Ndi yemweyu, ndipo sanalume chifukwa cha mizimu. Anaona lamba."

"Iwe, ukulankhula ndi ine?"

"Musiye amalize," anatero amayi, osakweza mutu.

Ndinatembenukira kwa a Tapfuma. Ndinali ndisanawayang'anepo kumaso chikwatirire achemwali anga.

"Alamu, msana wake ndimausambitsa ndine. Ndikudziwa paliponse pamene chitsulo chinagwera. Mukuti anali mkazi wanu. Kaya. Inu munkagona pabedi lomwelo limene ankamumangirirapo, ndipo m'mawa munkamulumpha popita kuntchito. Taonani pamene wabisala. Mwana akaona bambo ake amathamangira kugeti."

A Tapfuma anatsegula pakamwa, koma ndinali ndisanathe.

"Ngati tikutsata za ku Malawi, Esnath kulibe, ndiye mayi ake ndine, ndipo ndakana. Ngati tikutsata za ku Zimbabwe, anatipatsa mwanayu ndi a welofeya, ndipo Lolemba ndikawauza zonse, ndi za anyezi zomwe. Sankhani mwambo umene mukufuna, achimwene, musankhe modekha. Nyumba ndi yanu, mukafuna kutitulutsa mutitulutse tonse awiri. Koma lero sapita, mawa sapita. Alamu, tiyi mumwa, kapena mukuthamangira basi?"